Mafunso ndi mayankho: korona inawatani anthu amene ali pa methadone ndi mankhwala ena osiyira heroin?

Chiyambire tsiku lomwe ndinafotokozako za mwana wa achemwali anga amene anagwa mu whoonga, heroin wosuta uja, ku Durban kuno, mafunso akhala akungobwera ku inboksi, ena aulemu ena achipongwe ndithu. Nde ndaona kuti bola ndingowayika pamodzi ndiyankhe kamodzi. Ine ndine malume chabe amene waperekeza mwana pamzere wa mankhwala kambirimbiri, koma pamzerepo munthu umaphunzira zambiri.

Kodi ma opioid amene mukunenawa ndi chani kwenikweni?

Ndi gulu la mankhwala ochokera ku chomera cha poppy, komanso ena opangidwa ku fakitale motengera omwewo. Morphine, codeine, tramadol, pethidine, oxycodone, fentanyl, heroin, onsewa ndi fuko limodzi. Ambiri mwa iwo ndi mankhwala abwinobwino a kuchipatala, amene munasamalirako wodwala khansa mukudziwa mmene morphine amathandizira munthu kugona. Bronco amene anavutitsa achinyamata ku Zimbabwe uja ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, ndipo whoonga kapena kuti nyaope wa kuno ndi heroin wotsika mtengo yemwe amamusakaniza ndi zinazina nkumasuta ndi chamba. Heroin wambiri wa kuno amachokera ku Afghanistan, amabwera pa nyanja nkudzatsikira m'magombe a Tanzania ndi Mozambique kenako pa msewu ulendo wa ku Joni.

Choopsa chawo chachikulu nchimodzi, amachepetsa kupuma. Munthu akapyoletsa muyezo amangogona, mpweya nkumachepa pang'onopang'ono mpaka zii.

Nanga methadone yo si kungochotsa chizolowezi china nkuyikapo china?

Funso ili limabwera kwambiri kuchokera kwa anthu a kutchalitchi, ndipo inenso ndinkaganiza choncho poyamba. Inde methadone naye ndi opioid. Kusiyana kwake nkwakuti heroin amakwera msanga nkutsika msanga, pakangopita maola ochepa thupi layamba kulira, nde munthu tsiku lonse ntchito yake imakhala imodzi, kusaka ndalama ya kapaketi kena. Methadone amakhalitsa m'thupi, ukamwa kamodzi m'mawa wafika mawa, chibaba chija chimazizira ndipo munthu atha kupita ku ganyu, kusamba, kukumbukira kuti ali ndi mwana. Buprenorphine amagwiranso ntchito yomweyo koma iye amayikidwa kunsi kwa lilime ndipo ngozi yake ya ovadozi, kupyoletsa muyezo kuja, ndi yochepako. Madokotala awiri a ku New York, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, ndi amene anayambitsa chithandizo cha methadone cha m'ma 1960, ndipo WHO inawayika mankhwala awiriwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2005. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amagwirizana kuti munthu amene ali pa mankhwalawa chiopsezo chake cha imfa chimatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene sali pa chithandizo.

Koma kalandiridwe kake ndi kamene kali nkhani yathu lero. M'malo ambiri munthu amayenera kufika yekha tsiku ndi tsiku, kuima pamzere, nesi amathira timadzi tija mu kakapu kapulasitiki, umwe iye akuyang'ana, kenako ulankhule kapena uyasamule kuti aone kuti sunasunge m'tsaya. Nthawi zina akupatse botolo ukakodzeremo akayeze. Lolemba mpaka Lamlungu, mvula kaya dzuwa, maliro kaya ukwati.

Ndiye korona itabwera chinavuta ndi chani?

Taganizani, WHO yalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti uwu ndi mliri wa dziko lonse, maboma akuti aliyense akhale pakhomo musaunjikane, pomwe chithandizo cha anthu awa chonse chinamangidwa pa kutuluka m'nyumba tsiku lililonse, kukwera minibasi, nkukaunjikana pamzere. Malamulo awiriwa sakanayendera limodzi. Ukhale pakhomo udwale, upite ku kiliniki ukatenge kachilombo, kaya apolisi akugwire panjira poti ulibe kalata.

Chinanso matupi awo. Ambiri amasuta fodya zaka zambiri, mapapo anatha kale, ena ali ndi TB, HIV kapena matenda a chiwindi, ndipo mankhwala amene amamwawo amachepetsa kale kupuma. Korona ikapeza munthu wotere simachedwa kumugwetsa.

Ndipo pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Munthu akasowa heroin kapena methadone amadwala matenda amene kuno anyamata amati arosta, ku Dar es Salaam amati arosto. Thupi kuphwanya, tsemwe, thukuta, mamina chuchuchu, kuyasamula kosaleka, kusanza, kutsegula m'mimba, miyendo kukokana osagona usiku wonse. Tsopano mu Epulo 2020 munthu akutuluka mamina ndi thukuta pageti ya chipatala mukuganiza alonda ankamuona bwanji? Ena ankabwezedwa poganiza kuti ndi korona pomwe ndi arosta, ena ankati aaa ndi arosta chabe pomwe korona yawagwiradi.

Maboma anachitapo chani?

Apa nde panachitika zodabwitsa, malamulo amene anakhala zaka makumi osagwedezeka anasintha m'masiku owerengeka. Ku America, pa 16 Malichi 2020, bungwe la boma la SAMHSA linaloleza makiliniki kupereka methadone wa masiku 28 kuti munthu amene wakhazikika bwino akamwere kunyumba, ndipo amene sanakhazikike kwenikweni wa masiku 14. Mliri usanabwere kuti upatsidwe wa mwezi wathunthu umayenera kukhala pa chithandizo zaka ziwiri osalakwitsa, ndipo m'miyezi itatu yoyamba umaloledwa kutenga wa tsiku limodzi lokha pa sabata. Mwezi womwewo a DEA, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, analola madokotala kuyambitsa munthu buprenorphine atangolankhula naye pa vidiyo kapena pa foni wamba osaonana maso ndi maso.

Ku England anthu ambiri amene ankamwera methadone pamaso pa a famasi tsiku lililonse anayamba kupatsidwa wa masabata awiri, ndipo ogona m'misewu anawalowetsa m'mahotela kudzera mu ndondomeko ija ankaitcha Everyone In. Ku Wales komanso m'ndende za ku Scotland anafulumizitsa jekeseni wa buprenorphine wotchedwa Buvidal, wobaya kamodzi pa sabata kapena pa mwezi, kuti mizere ithe. Ku British Columbia, ku Canada, anafika mpaka polola madokotala kulembera anthu ma opioid a ku famasi kuti asamakagule a mumsewu, nkhani imene mpaka pano akukanganabe.

Sanagulitse mabotolowo, kapena kumwa onse tsiku limodzi?

Ili ndiye funso limene aliyense ankaliopa, ngakhale madokotala. Analipo ena amene anagulitsa, analipo amene anapyoletsa, sitingabise. Koma chigumula cha imfa za methadone chimene anthu ankalosera sichinabwere. Ofufuza a boma la America atawerengetsa anapeza kuti mwa imfa zonse za ovadozi, zokhudza methadone zinali 4.5 peresenti mu Januwale 2019 ndipo pofika Ogasiti 2021 zinali 3.2 peresenti. Anapezanso kuti anthu amene ankathandizidwa pa foni ankakhalitsa pa chithandizo kusiyana ndi anzawo. Nchifukwa chake mu Febuluwale 2024 boma la America linakhazikitsa kuti zotengera mankhwala kunyumbazi zipitirire ngakhale mliri unatha.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ena akwiya nazo. Mzere wa tsiku ndi tsiku uja mbali ina unali wa chitetezo inde, makamaka masabata oyambirira pomwe akusakabe muyezo woyenera munthu, nthawi imeneyo methadone ndi woopsadi. Koma mbali yaikulu unali wongosonyeza kuti anthu awa sitiwakhulupirira. Kwathu ku Malawi tikuidziwa bwino nkhani imeneyi, ma ARV atangoyamba anthu ankapita kukatenga mwezi ndi mwezi, ena kuyenda mtunda wautali wapansi, pano amene akumwa bwino amapatsidwa a miyezi isanu ndi umodzi ndipo dziko silinagwe. Kusiyana kulipo ndithu, botolo la methadone litha kupha mwana amene walipeza pa windo, nde kusamala kwake nkwina. Komabe panafunika mliri wa dziko lonse kuti akuluakulu ayese kumukhulupirira munthu wamkulu ndi mankhwala ake, zimenezo zimandiwawa.

Ngati zinayenda bwino choncho, bwanji imfa zinakwera?

Zinakweradi moopsa. Ku America anthu ofa ndi ovadozi anali pafupifupi 70,600 mu 2019, mu 2020 anafika pafupifupi 91,800 ndipo mu 2021 anapitirira 106,000. Ku Scotland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni, mu 2020 anamwalira 1,339 chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo, chiwerengero chimene chinali chisanafikidweko. Koma ambiri mwa omwalira ku America ankaphedwa ndi fentanyl wa mumsewu, osati botolo la ku kiliniki. Fentanyl ndi wamphamvu kuposa heroin mwina ka 50, ndipo poti amalowa pang'ono chabe ndi wosavuta kuzembetsa, ogulitsa amangomusakaniza mu heroin ndi m'mapilisi abodza wogula osadziwa.

Chinapha anthu china ndi kukhala wekha. Pali mankhwala otchedwa naloxone amene amadzutsa munthu wa ovadozi m'mphindi zochepa, ena ndi obaya ena opopera m'mphuno, koma munthu amene wakomoka sangadzipopere yekha, pamafunika wina pambali. Anthu amenewa kwa zaka akhala akuphunzitsidwa kuti usamagwiritse ntchito uli wekha, kenako boma likubwera nkuti talikiranani. Ambiri anapezeka m'bafa kapena kuchipinda chitseko chokhoma, achibale ali pa balaza akuonera TV.

Palinso za thupi kuiwala. Munthu akakhala masabata angapo osasuta, kaya chifukwa katundu wasowa kaya anali m'ndende, thupi limataya kuzolowera kuja, nde akabwerera nkutenga muyezo wake wakale womwewo umamupha. Mayiko ambiri anatulutsa akaidi kuti ndende zipepuke, ndipo masabata awiri oyamba munthu atangotuluka m'ndende ndi nthawi yoopsetsetsa pa nkhani ya ovadozi, izi zinkadziwika kale mliri usanabwere. Ndipo ku America imfazi zinakwera kwambiri pakati pa anthu akuda ndi eni nthaka a dzikolo kusiyana ndi azungu, amenenso mwayi wa dokotala wa pa foni uja unkawafika mochepa.

Nanga ku South Africa kuno zinali bwanji?

Lokidauni ya kuno inayamba pa 27 Malichi 2020 ndipo inali youma, asilikali mumsewu, mowa ndi fodya zonse zoletsedwa. Anthu ogona m'misewu anawasonkhanitsa m'misasa, ku Pretoria anawatengera ku Caledonian Stadium, ku Durban ena anawayika pamalo oimikapo magalimoto pansi pa bwalo la mpira la Moses Mabhida. Chimene akuluakulu sanachiganizire bwino nchakuti ambiri mwa anyamatawa amasuta whoonga kangapo pa tsiku, ndipo ndalama yake amaipeza poyang'anira magalimoto, kutola zitsulo ndi mabotolo, kupempha pa maloboti, zonsezo zinaima tsiku limodzi. Patangopita tsiku limodzi kapena awiri anthu mazanamazana anayamba arosta nthawi imodzi pamalo amodzi.

Mwana wa achemwali anga anali mu umodzi mwa misasa imeneyi. Anandiimbira pa foni yobwereka usiku wachitatu, mano akugundana moti mawu samamveka bwino, akuti amalume bwerani mudzanditenge kuno ndifa ine. Ndinamufunsa kuti wadya, akuti chakudya chilipo koma chikangolowa chikutuluka, tenti yonse ikununkha masanzi, mnzake wa pambali akudziguguda mutu pa chitsulo, ena adumpha mpanda kukasaka. Ine ndili ku chipinda changa cha renti, kalata yoyendera ndilibe, ntchito yaima, ndinangomuuza kuti limba mtima mphwanga kukacha tiona, pomwe ndikudziwa kuti palibe chimene ndiona.

Chinapulumutsa anthu ndi madokotala, manesi ndi mabungwe amene analowa m'misasamo ndi methadone. Ku Pretoria inali pulogalamu ya COSUP yothandiza ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo imene inalipo kale mu mzindawo, ku Durban gulu limene linathandiza m'misasa ndi lomwe pambuyo pake linatsegula Bellhaven Harm Reduction Centre. Kwa anyamata ambiri aka kanali koyamba kulawa chithandizo, poti methadone kuno ndi wodula kwambiri munthu wamba sangamagule yekha. Mnyamata wathuyu atamwa kakapu koyamba akuti anagona maola ambiri kwa nthawi yoyamba pa masiku anayi, podzuka anapempha buledi.

Kwa ife obwera panali vuto lowonjezera. Ndalama ija ya R350 imene boma linkapereka kwa osowa ntchito munthu wopanda mapepala samaiona, ndipo ambiri ankaopa kulembetsa dzina paliponse kuopa kuti mawa awakweza basi.

Pa nkhani ya maganizo, anthu amenewa anali bwanji?

Apa mpovuta kuyankha ndi mawu amodzi chifukwa zinagawikana. Kwa ena kiliniki ija ngakhale inali yotopetsa inali malo okhawo pomwe wina amawatchula dzina nkuwafunsa kuti mwadzuka bwanji. Mzere unali wotchi yawo, umadzuka, kusamba, kupita, kucheza ndi anzako podikira. Atawapatsa mabotolo nkuwauza kuti tionana pakatha masabata awiri, tsiku linasanduka lalitali lopanda mutu, ntchito palibe, renti ikudikira, m'nyumba mikangano, nde munthu wotere maganizo akamuchulukira amadziwa njira imodzi yowazimitsira. Ambiri anawonjezera mowa ndi mapilisi ogonetsa, zimene zikakumana ndi methadone m'thupi zimakhala zoopsa kwambiri.

Misonkhano ya Narcotics Anonymous, gulu lomwe ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo amalimbikitsirana, inasamukira pa Zoom. Kwa amene ali ndi laputopu ndi chipinda chake zinali bwino, mwina kuposa kale, poti utha kulowa msonkhano wa ku London pakati pa usiku tulo tikakana. Koma munthu wa kafoni ka mabatani, kapena amene bandulo yake ndi ya WhatsApp basi, kapena amene akukhala chipinda chimodzi ndi anthu asanu, angaulule bwanji pa foni kuti dzulo ndinaterereka apongozi ali pomwepo akusenda anyezi?

Pomwe ena anapeza mpumulo weniweni. Sankawononganso ndalama ya thiransipoti tsiku lililonse, sankachedwanso ku ntchito nkumanamiza abwana, ndipo chachikulu sankadutsanso pakona paja pomwe ogulitsa amadikirira, chifukwa ogulitsa amadziwa bwino pomwe kasitomala wawo wakale amadutsa m'mawa uliwonse.

Munthu amene ali pa methadone kapena buprenorphine angabayitse katemera wa korona?

Eya, palibe choletsa, ndipo asasiye mankhwala ake chifukwa cha katemera.

M'bale wanga amabwera ndi mabotolo kunyumba, ine ndizitani?

Choyamba loko. Kabokosi kokhoma kapena sutikesi, pamwamba, kutali ndi ana, ndipo musathire methadone mu botolo la Fanta kapena kumuyika mu filiji pafupi ndi zakumwa, pang'ono pokha patha kupha mwana. Chachiwiri funsani ku kiliniki ngati ali ndi naloxone akupatseni ndipo akuphunzitseni, ku America kuyambira 2023 wopopera m'mphuno wa Narcan amagulidwa pa shelefu popanda kalata ya dokotala, kwina amaperekedwa ndi mabungwe.

Zizindikiro zake zidziweni. Munthu sakudzuka ngakhale mumugwedeze kapena kumutsina, akuliza mkonono wachilendo ngati akutsamwa, akupuma motalikitsa, milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu, mwana wa diso wachepa ngati kansonga ka singano. Mkonono umenewo wanamiza mabanja ambiri, amati musiyeni agone watopa. Musamumwetse mkaka kapena madzi amchere, musamuthire madzi ozizira, itanani ambulansi, mupatseni naloxone ngati alipo, mugonekeni chammbali ndipo musachoke, chifukwa naloxone amatha mphamvu msanga pomwe methadone akadali m'thupi nde munthu atha kukomokanso.

Akadumphitsa masiku atatu kapena kuposa osamwa, asayambirenso muyezo wonse payekha, abwerere ku kiliniki kaye. Ndipo chonde musamamuwerengere mabotolo pamaso pa alendo.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza pati?

Ikutikhudza kudzera mwa ana athu amene ali kuno. Mukukumbuka mabasi aja ankabwera kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza mu Meyi 2020, anthu mazana angapo nkuthawa pa Kamuzu Stadium asanalandire zotsatira. Ulendo wa pa basi umenewo ndi wa masiku, nde munthu amene thupi lake linazolowera whoonga arosta imamupezera panjira, akafika kumudzi akudwala achibale nkumati walodzedwa kapena wabwera nayo korona. Achemwali anga ankalimbikira kuti ndimukweze mwanayo abwerere, ndinakana, tinakhala miyezi iwiri osalankhulana. Ma tramadol ndi mankhwala a chifuwa a codeine nawonso sasowa m'matauni mwathu. Anzathu a ku Tanzania anatsegula kiliniki ya methadone pa chipatala cha Muhimbili mu 2011, a ku Kenya anayamba mu 2014, nde si nkhani ya azungu okha ayi.

Nanga mwana wa achemwali anuyo ali bwanji pano?

Alipo. Msasa utatsekedwa anaterereka, anasowa pafupifupi miyezi inayi, ndinakamupeza pansi pa buliji wopanda nsapato. Anayambiranso chithandizo, anatererekanso kachiwiri mu 2022, anabwereranso. Pano amatsuka magalimoto pa garaja ina, amatenga mankhwala ake a masiku angapo nkumasunga mu kabokosi kachitsulo kamene kale ndinkasungiramo pasipoti, kiyi wina ali naye iye wina ndili naye ine. Mayi ake amafunsabe foni iliyonse kuti asiya liti zomwa mankhwalazo, iye amangoti amayi ndikadzakonzeka adokotala adzandichepetsera pang'onopang'ono, kenako amasintha nkhani nkufunsa ngati chimanga chacha.